Mlendo Wokhuta ndi Chisanu cha ku Provence

Pamene alimi a ku Malawi ali kalikiliki kupalira ndi kubandira chimanga, m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, maiko a ku Ulaya amakhala ali pakati pa nyengo yachisanu. Dzuwa limatuluka mochedwa n'kulowa msanga, mitengo yambiri imayoyola masamba onse, ndipo madzi ogona panja amadzuka atauma gwa ngati mwala. M'nyengo yotereyi anthu ena opeza bwino, makamaka a ku Britain ndi ku America, amatenga tchuthi ndi kupita ku France ali ndi zolinga ziwiri: kukaona malo ndi kukadya zakudya zotchuka za m'dzikolo. Ambiri mwa iwo sangonyamuka chinyamukire. Amayamba awerenga mabuku a anzawo amene anapondako kale, ndipo mabukuwo ndiwo amawauza choti akaone, choti akalawe, ngakhalenso mmene akawaonere eni dziko. Pa chifukwa chimenechi buku la maulendo liyenera kufunsidwa funso limene owerenga ambiri salifunsa: kodi mlembi ameneyu anaona chiyani, nanga ndi chiyani chimene kukhuta kunamubisira?

Buku loyenera funsoli kuposa ena ambiri ndi A Year in Provence, dzina lotanthauza kuti chaka chimodzi m'chigawo cha Provence. Amene analilemba, m'Chingerezi, ndi Peter Mayle, ndipo linatuluka mu 1989. Mayle anabadwira ku Brighton m'dziko la England mu 1939, ndipo kwa zaka zambiri anagwira ntchito yolemba mawu otsatsira malonda ku London ndi ku New York. Mu 1987 iye ndi mkazi wake anasamukira kumwera kwa France, kumene anagula nyumba yamiyala ya zaka pafupifupi 200, yokhala ndi munda wa mphesa, kufupi ndi mudzi wa Ménerbes m'mapiri a Luberon. Cholinga chake chinali kukalembera kumeneko nkhani yopeka yaitali, koma amisiri okonza nyumba, anansi ndi zakudya zinamudyera nthawi yonse, mpaka zosokonezazo n'zimene zinasanduka buku. Bukuli lili ndi mitu 12, uliwonse wotchedwa dzina la mwezi, kuyambira Januwale kulekeza Disembala. Motero limayamba ndi chisanu n'kutheranso m'chisanu, ndipo m'mitu yachisanuyo ndi mmene luso la mlembi ndi kufooka kwake zimaonekera poyera.

Mayle anadziwa kusankha poyambira. Anthu ambiri a kumpoto kwa Ulaya akamva za Provence amaganiza za dziko la dzuwa lokhalokha, la minda ya maluwa onunkhira ndi nyenje zolira tsiku lonse. Mlembi waulesi akadayambira pomwepo. Mayle akuyambira mu Januwale, alendo atabalalika, pamene chikulamula dera lonselo ndi chimphepo chotchedwa mistral. Mphepoyi imachokera kumpoto, kutsika ndi chigwa cha mtsinje wa Rhône kulowera ku nyanja ya Mediterranean. Ndi youma, yozizira mofika m'mafupa, ndipo nthawi zina imathamanga kupitirira makilomita 100 pa ola. M'bukumo chisanu chikuumitsa madzi m'mapaipi mpaka mapaipiwo kuphulika, kotero kuti banja limene linathawa kuzizira kwa ku England likupezeka likunjenjemera m'nyumba yopanda madzi. Pamenepo akutulukira mmisiri wa mapaipi, munthu wokonda kulongosola zinthu, amene asanagwire chipangizo chilichonse amayamba waphunzitsa mwininyumba za nyengo ndi za kuipa kwa mapaipi akewo. Wowerenga amaseka, ndipo posekapo amayamba kumukhulupirira mfotokozankhani, pakuti munthu wodziseka yekha sakayikitsa.

Koma pamene Mayle amaposa anzake ndi patebulo. Masamba oyambirira akupeza banjali likudya nkhomaliro ya chaka chatsopano m'lesitilanti ya m'mudzi wa Lacoste, mbale zisanu ndi imodzi zikubwera motsatizana. Wowerenga amene anazolowera kuti nsima ndi ndiwo zimafikira limodzi pamphasa ayenera kudziwa kuti chakudya chaphwando cha ku France chimabwera pang'onopang'ono. Chimayamba ndi chakumwa chodzutsa mudyo, kenaka kachakudya kotsegulira kukhosi, kenaka nsomba kapena nyama pamodzi ndi masamba, kenaka tchizi, kenaka zotsekemera, ndipo pomaliza kachakumwa kaukali. Vinyo amasankhidwa molingana ndi mbale imene ili patebulo, ndipo anthu amatha maola angapo ali chikhalire, akudya ndi kucheza. Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika mwambo umenewu pa mndandanda wa miyambo ya mtengo wapatali ya anthu a padziko lapansi, mndandanda womwewo umene nsima ya ku Malawi inalowapo mu 2017. Pa zonse ziwirizi chimene chinalemekezedwa si kukoma kokha ayi, koma kudyera pamodzi ndi nzeru zophikira zimene makolo amasiyira ana awo.

Chithunzi chokoma koposa m'mutu wa Januwale ndi cha usiku umene banjali linaitanidwa kukadya kwa anansi. Chakudya chikuyamba ndi pizza wophikidwa pakhomo pomwepo, wa mitundu itatu, ndipo mlendo ayenera kulawa wonse. Zikutsatira nyama zosinja za kalulu, nguluwe ndi mbalame, kenaka bakha. Pakati pa mbale ndi inzake aliyense akupukuta mbale yake ndi buledi. Alendowo ataganiza kuti nkhondo yatha, ukutulukira mphika wa nyama ya kalulu, ndipo pambuyo pake masamba aawisi, tchizi cha mkaka wa mbuzi ndi keke. Mlembi wosakhwima akadangoti chakudyacho chinali chokoma zedi, n'kupitirira. Mayle akusanja mbalezo imodzi pamwamba pa inzake, kukokomeza pang'ono pamene payenera kukokomezedwa, mpaka wowerenga amve m'mimba mwake momwe nkhawa ya mlendo amene wakhuta koma sangakane. Nkhawa imeneyo siyachilendo kwa aliyense amene anapitako kukacheza kuchibale n'kumuikira nsima yachiwiri asanasambe m'manja. Pamenepa m'pamenenso munthu amakumbukira ntchito yakale ya mlembiyu. Wotsatsa malonda amaphunzira kuchititsa munthu kulakalaka chinthu chimene sanachionepo, ndipo Mayle sanaiwale phunzirolo.

Chisanu chikupita kumapeto, bukuli likufika pa nkhani ya bowa wotchedwa truffe, ndipo apa mlembi akuonetsa kuti maso anali nawo. Bowa ameneyu samera poyera. Amakula pansi pa nthaka, pa mizu ya mitengo, makamaka ya mtundu wa oak. Ndi wakuda, wokhakhala, wosaoneka bwino konse, koma kachidutswa kake kamanunkhiritsa mbale yonse ya mazira. Amakhwima m'nyengo yozizira, kuyambira Novembala mpaka Malichi. Popeza maso samuona, anthu amamusaka ndi mphuno ya nkhumba kapena ya galu wophunzitsidwa, ndipo ena amatsata kantchentche kena kamene kamakonda kuikira mazira pamene pali bowayo. Galu ndiye wabwino, chifukwa nkhumba ikamupeza imafuna kumudya yokha, ndipo kulanda chakudya m'kamwa mwa nkhumba si ntchito yamasewera. Bowayu ndi wokwera mtengo kwambiri. Amagulitsidwa m'misika ya m'nyengo yachisanu monga wa ku Carpentras ndi wa ku Richerenches, mudzi umene mu Januwale uliwonse umachita misa imene akhristu amaponya bowayu m'mbale ya chopereka. Mayle akulongosola malonda amenewa mosabisa: ndalama zoperekedwa pamanja popanda lisiti, osaka obisa malo awo ngati mankhwala, ndi ogulitsa amene amasiya dothi pa bowayo kuti alemere pasikelo. M'masamba amenewa anthu a ku Provence akuoneka ngati anthu enieni, okhala ndi zofuna zawo, zinsinsi zawo ndi machenjera awo, amene moyo wawo sunayambe tsiku limene Mngerezi anafika.

Tsoka lake n'lakuti masamba otere ndi ochepa. M'mbali zambiri za bukuli munthu aliyense wa m'deralo wapatsidwa khalidwe limodzi lokha, ngati mmene mwana amapatsira chidole chake dzina. Mmisiri wa mapaipi ndi wolongolola. Mlimi ndi wodandaula za nyengo, kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa. Mlenje wa m'nkhalango ndi waukali, wodana ndi alendo, ndipo amadziwa kaphikidwe ka nkhandwe. Omanga nyumba ndi osasunga nthawi: amagumula khoma, n'kulonjeza kubwera mawa, n'kusowa milungu yambiri. Onsewa amalowa m'nkhani, kuchita chinthu chawo choseketsacho, n'kutuluka. Palibe mmodzi amene amasintha chaka chonsecho, ndipo palibe amene wowerenga amamulondola mpaka kunyumba kwake kukaona chimene chimamulanda tulo. Provence ali ndi zinthu zakale zimene alendo amapita kukaona, monga nyumba ya apapa ya ku Avignon, kumene apapa anakhala kuyambira 1309 mpaka 1377, ndi bwalo lamasewera la Aroma ku Arles. Mayle sataya nthawi yambiri pa zimenezi, ndipo ena amamuyamikira kuti anasiya miyala n'kutsata anthu. Komatu anthuwo akuwayang'ana monga mmene mlendo amayang'anira miyalayo: kuima, kuchita chidwi, kumwetulira, n'kupita kukadya.

Kufooka kumeneku kukuonekera bwino pa nkhani ya munda. Munda wa mphesa umene Mayle anagula pamodzi ndi nyumba unkalimidwa ndi mnansi wake pa pangano lotchedwa métayage. Malinga ndi bukuli, mwini malo amalipira mbewu ndi zofunika zina, mlimi amagwira ntchito yonse, ndipo pa phindu mlimiyo amatenga magawo awiri mwa atatu. Wowerenga amene akudziwa za matenanti a m'maesiteti a fodya amaima pamenepa, chifukwa akudziwa kuti pangano la pakati pa mwini nthaka ndi wolima nthakayo ndi nkhani yolemera, ngakhale magawo atakhala abwino chotani. Nanga mlimi amene wathira thukuta m'mundamo zaka zambiri amamva bwanji mlendo wosadziwa kudulira mpesa akagula nthakayo? Mayle akufotokoza panganoli ngati chinthu china chokoma cha kumudzi, n'kudutsa. Chimodzimodzinso ndi chisanu. Kwa iye chisanu ndi mapaipi ophulika, moto wa nkhuni ndi mphika wa nyama. Kwa mlimi ndi nthawi yodulira mipesa mmodzimmodzi, zala zitachita dzanzi, mphepo ikumumenya kumaso. Ndiponso chisanu cha kumeneko chimatha kupha chuma cha banja: cha mu Febuluwale 1956 chinaumitsa mitengo ya azitona yosawerengeka, ndipo alimi ambiri anaizula n'kubzala mipesa ndi mbewu zina. Mtengo wa azitona umatenga zaka kuti uyambe kubereka bwino, kotero kuti milungu yochepa chabe inafafaniza ntchito ya makolo ndi agogo. Anthu okumbukira zimenezo saona chisanu ngati nthabwala.

Kuti aone chimene chikusowacho, wowerenga angayerekeze bukuli ndi la mwana wa m'dera lomwelo. Marcel Pagnol, wobadwira ku Aubagne kufupi ndi Marseille mu 1895, analemba nkhani yotchedwa Jean de Florette, imene inapangidwanso kanema mu 1986. Chiyambi chake n'chofanana modabwitsa ndi cha Mayle: munthu wa m'tauni, wophunzira, wokonda moyo wa kumudzi umene anauwerenga m'mabuku, akusamukira pamunda wa m'mapiri a Provence pamodzi ndi banja lake. Akufuna kuweta akalulu. Koma anansi awiri amene akusirira malowo atseka kasupe wa pamundapo iye asanafike, ndipo anthu a m'mudzi, ngakhale akudziwa kuti kasupeyo alipo, akungokhala chete chifukwa iye ndi wobwera. Munthuyo akusenza madzi mtunda wautali, mbewu zikuuma, ndipo pomaliza akufa pofuna kukumba chitsime ndi zophulitsira miyala. Alimi a Pagnol nawonso ndi oseketsa, olongolola, okonda vinyo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuseri kwa nthabwala zawo kuli madzi, nthaka ndi cholowa, zinthu zimene munthu amaphera mnzake. Pagnol amawadziwa anthuwo mpaka kuwaopa. Mayle sawaopa, chifukwa moyo wake sudalira mvula kapena kasupe. Ndalama zake zimachokera kwina, ndipo m'buku lonselo palibe tsoka limene cheke sichingakonze.

Chinanso chimene mlendo wokhuta saona ndi kukhitchini. Pa usiku wa kwa anansi uja bukuli likuwerenga mbale, koma siliwerenga maola amene amayi a pakhomopo anaima pamoto. M'malesitilanti namo Mayle amacheza ndi mwini malo kapena mkulu wa ophika, osati ndi wotsuka mapoto. Mngerezi mnzake, George Orwell, analowera khomo lakumbuyo. Chakumapeto kwa 1929 iye anagwira ntchito yotsuka mbale m'hotela yaikulu ya mumzinda wa Paris, kenaka m'kalesitilanti kena kumene ankagwira maola pafupifupi 17 pa tsiku. Zimenezi anazilemba m'buku la Down and Out in Paris and London, la mu 1933. Mmenemo muli zipinda za pansi pa nthaka zotentha ngati ng'anjo, antchito otukwanizana chifukwa cha kutopa, ndi chitseko cholekanitsa uve wa kotsukira mbale ndi nsalu zoyera za kodyera alendo. Paris wa 1929 si Provence wa 1987, ndipo sikungakhale chilungamo kunena kuti makhitchini a m'midzi ya Luberon anali otero. Mfundo ndi yakuti chakudya chilichonse chofika patebulo chimadzera pa chitseko china chake, ndipo mlembi amasankha mbali ya chitsekocho imene aimepo.

Wina angatsutse kuti kumeneku n'kufuna nyama pa mtengo wa mango. Mayle sanalonjeze kulemba mbiri ya alimi. Analemba buku losangalatsa, ndipo limasangalatsadi. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti maso achilendo amaona zinthu zimene mwini mudzi anasiya kale kuziona, monga mmene amuna awiri angakanganire nthawi yaitali za kaphikidwe koyenera ka ndiwo imodzi. Tiyeneranso kuvomereza, angatero wotsutsayo, kuti nthabwala za Mayle zilibe njiru, ndipo anthu amene amawaseka moluma ndi Angerezi anzake, odziitana okha kudzagona kwaulere m'nyengo yotentha. Zonsezi zili ndi mutu. Komabe dzina la bukuli likulonjeza chaka cha munthu wokhala, pamene zimene zili m'katimo ndi tchuthi chotalikitsidwa kufika miyezi 12. Mlendo wa milungu iwiri akapanda kuona mavuto a eni mudzi, palibe womudzudzula, poti mlendo ndi mame. Koma munthu amene wagula nyumba ndi munda, amene mlimi akumulimira ndipo amisiri akumumangira, walowa m'chuma cha mudziwo, ndipo akapitiriza kulemba ngati wodutsa ndiye kuti pali zina zimene wasankha kusaziyang'ana.

Mutu wa Disembala ukusonyeza kukoma ndi malire a bukuli nthawi imodzi. Khirisimasi yayandikira koma nyumba sinathe. Mkazi wa mlembi akupeza nzeru: aitanire amisiri onse ku phwando lokondwerera kutha kwa ntchito, ndipo aliyense abwere ndi mkazi wake. Pozindikira kuti akazi awo adzaona ntchito yosiyidwa panjira, amisiriwo akukhamukira panyumbapo n'kumaliza m'masiku ochepa zimene zinakanika miyezi yambiri. Nkhaniyi yamangidwa mwaluso, ndipo ndi malo amodzi amene mlembi akugwiritsa ntchito chinthu chenicheni chimene waphunzira za anansi ake, chakuti mmisiri amaopa manyazi a kunyumba kwake kuposa mkwiyo wa womulemba ntchito. Koma ngakhale pamenepa funso lakuti n'chifukwa chiyani mmisiri wa kumudzi amagwira ntchito zingapo nthawi imodzi silikufufuzidwa mozama. Munthu amene sadziwa ngati mwezi wamawa adzapeza ntchito sakana ntchito ikabwera, ndipo amagumula khoma msanga kuti mwininyumba asaitane wina. Chimene m'bukumo chikuoneka ngati kusalabadira nthawi chingakhale kuwerengera kwa munthu wodyetsa banja.

Bukuli linagulidwa makope mamiliyoni, linamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo mu 1993 wailesi ya kanema ya BBC inalisandutsa sewero. Owerenga sanakhutire ndi kuwerenga kokha. Anayamba kufika ku Ménerbes bukulo lili m'manja, kufunafuna malesitilanti otchulidwamo, kufunsa za mmisiri wa mapaipi, ndi kugogoda pakhomo pa mlembi mwini. Eni malesitilanti ndi ogulitsa nyumba anapindula, pamene ena a m'deralo anamudandaula Mayle kuti wawasandutsa choonerera ndipo wathandiza kukweza mitengo ya nyumba. Iye mwini analephera kupirira alendo amene anawaitana ndi cholembera chake, nasamukira ku Long Island kufupi ndi New York. Patapita zaka zingapo anabwerera ku Provence n'kukakhala kufupi ndi mudzi wina wa Lourmarin, ndipo ulendo uno sanalongosole m'mabuku njira yofikira pakhomo pake. Boma la France linamupatsa ulemu wa Légion d'honneur mu 2002. Anamwalira pa 18 Januwale 2018 ali ndi zaka 78.